Ndinaedita vidiyo ya chinkhoswe pa laputopu ya kaunjika, nazi zomwe ndinayesa

Chitulukireni vidiyo ya chinkhoswe cha achemwali anga anthu akungondifunsa funso limodzi lomweli, aise unaedita ndi chani, nde ndati bola ndilembe kamodzi basi aliyense awerenge yekha, ndatopa kufotokoza pa foni mpaka mayunitsi kutha. Ndinene kaye kuti ine si dolo wa za mavidiyo ayi, sindinaphunzireko, ntchito yanga ndi ina. Chomwe chinachitika nchakuti bajeti inathera ku tenti, mipando, DJ ndi nkhuku, pofika pa mzere wa ojambula vidiyo komiti inangoyang'anizana, kenako ankolo anangoloza ine nkuti "si uyu ali ndi laputopu uyu", basi nkhani inatha choncho kkkk.

Laputopu yakeyo ndi ya kaunjika, ndinagula kalekale, RAM (memory yomwe kompyuta imagwirira ntchito) 4 GB, Windows 10, batire lake magetsi akangozima limapirira mwina mphindi 40 kenako lagona. Mwambo unachitikira ku Chinamwali ku Zomba ndipo tinajambula ndi mafoni atatu, yanga, ya msuweni wanga ndi ya mnzawo wa achemwali yemwe anangojambula choimika tsiku lonse ngati ali pa TikTok ngakhale ndinamuuza kawiri konse kuti foni aigoneke. Titasonkhanitsa zonse panali ma clip opitirira 70, ena a masekondi 10 ena a mphindi 15, ena kungojambula mapazi a anthu ndi fumbi. Ndipo vidiyo imodzi yomweyi imafunidwa ku malo atatu, agogo ku Jali amafuna yonse yathunthu aonere pa TV kudzera pa fulashi, achimwene awo a alamu athu ali ku Joni amafuna pa WhatsApp, eni ake achemwali amafuna kachidule koika pa status.

Ndatchula zonsezi dala chifukwa ine ndinayamba molakwika. Ndinapita pa YouTube nkufufuza pulogalamu yabwino koposa, bandulo ya tsiku limenelo inathera kuonera anthu akunja ali ndi makompyuta a ma screen awiriawiri akundiuza kuti iyi ndiye nyatwa. Palibe ndi mmodzi yemwe anatchulapo za RAM 4 GB, kapena magetsi, kapena TV ya agogo. Zomwe amanenazo nzoona koma pa makina awo. Kwa ife kuno umayamba waona kaye chida chomwe uli nacho m'manja, bandulo yomwe ungakwanitse, ndi komwe vidiyoyo ikaoneredwe, dzina la pulogalamu limabwera kumapeto.

Tisanafike pa mapulogalamu, chinthu chimodzi chomwe chikupulumutseni, musalandire ma clip pa WhatsApp mwa njira wamba ija. WhatsApp imafinya vidiyo kuti ichepe, nde ukaiika pa TV nkhope zimaoneka ngati zapakidwa phala. Msuweni wanga anali atayamba kale kunditumizira choncho, ndinamuletsa, anabwera ku Matawale pa kabaza tinasamutsa ndi chingwe cha chaja, za mnzawo wa achemwali tinakoka ndi Xender. Ngati munthuyo ali kutali atumize ngati document, ikatero siifinyidwa ndipo WhatsApp imalola mpaka 2 GB, koma bandulo nde muimva chifukwa mphindi imodzi ya 1080p pa mafoni ambiri imapitirira 100 MB. Ndipo mukasamutsa ikani zonse mu folder imodzi musazisunthenso, chifukwa chake ndinena kutsogoloku.

Ndinayamba ndi pa foni ngati wina aliyense. CapCut nde aliyense akuidziwa, eni ake ndi ByteDance omwewo a TikTok, ndipo zimaonekeratu kuti inapangidwira tinthu tachidule toimika. Kuiphunzira nkosavuta, mwana wa sitandade 7 akhoza kudula clip, kuika nyimbo, kulemba dzina pamwamba madzulo amodzi. Ma template ake nde amakupangira chilichonse, umangoponyamo zithunzi zimavina zokha motsatira nyimbo. Ka status ka achemwali ndinapangira momwemo ndipo sizinanditengere ola, ndinasankha pomwe akuwavundukula chitenje, pomwe ankhoswe akusinthana tambala ndi thadzi, ndi pomwe azakhali anagwa m'bwalo ndi gule, basi. Kumapeto kwa vidiyo imaika kachidutswa ka chizindikiro chawo koma kamachotsedwa, umangokadina nkukafufuta, ambiri sadziwa nde mumaona ma status onse akuthera pa CapCut. Chomwe muyenera kuyang'anitsitsa ndi tinthu tolembedwa Pro. Ma effect ambiri okongola, ma transition ena (kalowedwe ka clip mwa inzake) ndi zina zotero ndi zolipira, amakulola kuziika ukuedita koma pofuna kutulutsa vidiyo mpomwe imakuuza kuti ulipire kapena uzichotse. Nde muzipewe kuyambira pachiyambi, musakongoletse vidiyo yonse ndi zinthu zoti mukazichotsanso. Komanso ma template ndi ma effect amachita kudawuniloda pa intaneti, ukamangodina ichi ndi icho kuti uone bandulo ikupita mwakachetechete.

Yomwe ndinaikonda kwambiri pa foni ndi VN. Siitchuka kwenikweni kuno koma yaulere yake siika watermark (chizindikiro cha pulogalamu pa vidiyo yako), timeline yake ndi yooneka bwino, vidiyo mzere wake, nyimbo mzere wake, zolemba mzere wake, ndipo siikukakamiza kuti chilichonse chioneke ngati cha pa TikTok. Kwa munthu woti alibe laputopu ndipo akufuna kavidiyo ka mphindi 5 kapena 10, kaya ka kwaya, kaya ka birthday ya mwana, kaya mwakwera ku Zomba Plateau mwajambula Mulunguzi Dam ndi Williams Falls mukufuna mulumikize, ine ndingati ayambe ndi VN. InShot nayo ili bho pa zinthu zofulumira monga kudula kutsogolo ndi kumbuyo kapena kusintha kukula kwa chithunzi, watermark yake imachoka ukaonera kaye kotsatsa malonda, nde ndi bandulo yomweyonso. KineMaster ndi ija anyamata ambiri ojambula nthabwala anayambira, ili ndi mphamvu ndithu pa zosanjikiza zithunzi, koma yaulere imasiya dzina lake pakona ya vidiyo. Pa nthabwala palibe amadandaula, pa chinkhoswe cha achemwali ako mmm ayi.

Koma foni ili ndi polekezera. Vidiyo ya agogo imayenera kukhala ya mwambo wonse, kuyambira pemphero mpaka perekaniperekani, yoposa ola. Ma clip 70 mufoni mwanga sakanakwanamo nkomwe, ndimayenera kufufuta zithunzi zanga zonse, komanso kudula ndi chala pa ka screen kakang'ono kwa maola ambiri ndi chilango, foni imatentha ngati mbaula ndipo munthu akaimba umasokonezeka pomwe unali. Nde ndinati iyi ndi ya pa laputopu basi.

Apa mpomwe ndinapanga chopusa. Mnzanga wina anandiuza kuti pali mfana mtauni, mwa aja oika nyimbo ndi mafilimu m'mafulashi, yemwe ali ndi pulogalamu ya madolo yothyola kale, sufunika kulipira kalikonse. Ndinapita, ndinamupatsa ya fanta, anandiikira, anandiuzanso kuti ndizimitse antivirus poika ati imachita nsanje. Ine nkuvomera, tangoganizani. Masiku awiri okha laputopu inayamba kutsegula mawebusayiti yokha, fani kulira ngati chigayo ndisanatsegule kanthu, fulashi iliyonse yomwe ndalowetsa ma folder onse kusanduka ma shortcut. Mwayi wake ma clip anali akadali m'mafoni mwa eni ake, koma laputopu inachita kufufutidwa yonse nkuikanso Windows, sabata yathunthu inapita choncho achemwali akungofunsa "achimwene zili pati". Nde abale, zothyolazi zisiyeni. Kale mwina panali chifukwa, koma pano zaulere zenizeni zilipo zoti zikugwirirani ntchito ya pakhomo bwinobwino, palibe chogulira matenda.

Chimodzimodzi Windows Movie Maker. Ambiri amene tinagwirako kompyuta kale timaikumbuka ndipo inali yophweka zedi, koma Microsoft inasiya kuipereka mu January 2017. Mukaona webusayiti ikuti dawunilodani Movie Maker yatsopano dziwani kuti si ya Microsoft imeneyo, ena amakuuza ulipire ena amakuikira zinthu zina. Filmora ndi yokongola komanso yosavuta, anthu ambiri amaiyamikira, koma yaulere imaika watermark pa vidiyo yomwe watulutsa, kuti ichoke mpaka ugule. Adobe Premiere Pro nde ya olipira mwezi ndi mwezi. Ndipo kulipirako sikuti ndi ndalama zokha ayi, umafunika khadi ya kubanki yotha kugula zinthu pa intaneti, mitengo ili m'madola, ndipo mmene nkhani ya forex ilili pano aliyense akudziwa. Munthu wojambula maukwati sabata iliyonse akhoza kuwerengera nkuona kuti zimubwezera, koma ine wa chinkhoswe chimodzi pa chaka ndingalipirirenji.

DaVinci Resolve ndi yomwe a pa YouTube aja amaitchula kwambiri, ndipo ndinaiona ikugwira ntchito kwa mnyamata wina wa ku Chanco yemwe amakhala ku Chikanda, ali ndi kompyuta yamphamvu yosewerera magemu. Eee ndi chilombo. Amapanga ndi a Blackmagic Design a ku Australia, pali yaulere yomwe ili ndi zinthu zambiri kuposa zomwe munthu wa pakhomo angazigwiritse ntchito moyo wake wonse, ndi ina yotchedwa Studio ya madola 295 olipira kamodzi. Pa kukonza mitundu ya chithunzi ndi pomwe inatchukira, ngakhale opanga mafilimu akuluakulu amaigwiritsa ntchito. Koma eni ake amanena okha kuti imafuna RAM 16 GB ndi graphics card yabwino, kuidawuniloda kokha ndi zoposa 2 GB. Ine nditangomva choncho sindinayese nkomwe, kumeneko nkumangirira ngolo ya ng'ombe pa mbuzi. Ngati makina muli nawo ndipo mukufuna kuphunzira ntchitoyi kuti mudzadyerepo, yambani nayo imeneyi osataya nthawi ndi zina. Ngati muli ngati ine idutseni, sikuti mwaluza kanthu.

Clipchamp ndi ya Microsoft, anaigula mu 2021 ndipo imabwera kale mu Windows 11, ya Windows 10 umachita kukaitenga ku Microsoft Store. Ndi yophweka, yaulere imatulutsa mpaka 1080p popanda watermark, koma imafuna akaunti ya Microsoft ndi intaneti kuti igwire ntchito, nde kwa munthu wa Wi-Fi ya ku ofesi ili bho, kwa ine wa hotspot ya pa foni sinali yanga. OpenShot ndinaiyesanso tsiku limodzi, yaulere kotheratu, ilipo kuyambira 2008, maonekedwe ake ndi ofatsa ndipo munthu woti sanagwireko akhoza kuimva msanga kuposa zinzake. Pa kavidiyo ka zithunzi ndi nyimbo, monga aja timaonetsa pa chikumbutso kapena pa graduation, ndi yokwanira. Kdenlive ndinangoimva kuti nayo ndi yaulere komanso yamphamvu koma pofika apo nkuti nditakhazikika kale pa ina.

Yomwe inandigwirira ntchito ndi Shotcut. Ndi yaulere, palibe Pro, palibe watermark, palibe zotsegula akaunti, ukangoidawuniloda kamodzi basi intaneti siifunikanso, ndipo ndi yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi DaVinci. Ilipo ya Windows, Mac ndi Linux, ndipo ya Windows ili ndi mtundu wina wa zip woti suchita kuika, umangoumasula nkutsegula, ungathe kumugawira mnzako pa fulashi. Muitenge pa webusayiti yawo yeniyeni osati kwa mfana wa mtauni uja.

Ndisakunamizeni, tsiku loyamba siikoma. Ukaitsegula imangokuyang'ana, mabokosi ali mbwee, sudziwa poyambira, ilibe zokunyengerera ngati CapCut. Ndinatsala pang'ono kuitseka. Koma zomwe umafunika kudziwa ndi zochepa. Usanaike clip iliyonse pita ku Settings, Video Mode, sankha HD 1080p 30 fps kapena 720p, chifukwa ukaisiya pa Automatic imatengera clip yoyamba yomwe waika, nde ikakhala yoimika ija ya mnzawo wa achemwali vidiyo yonse ikhala yoimika. Kenako kokera ma clip mu Playlist, kuchokera mmenemo uziwatsitsira pa Timeline mwa ndondomeko ya mwambo. Batani la S limadula pomwe waima, X imachotsa chidutswa nkukokera zotsalazo pamodzi kuti pasakhale mpata, space kuyendetsa ndi kuimitsa. Mabatani atatu amenewa ndi omwe ndinagwirira pafupifupi ntchito yonse. Ukafuna kuti chithunzi china chizilowa mwa chinzake pang'onopang'ono umangokoka clip kuikweza pang'ono pamwamba pa inzake, transition imadzipanga yokha.

Chomwe chinandipulumutsa pa RAM 4 GB ndi proxy. Poyamba vidiyo imayenda modukizaduka, munthu akuvina ngati akugwidwa ndi magetsi, sungadziwe podula. Ku Settings komweko kuli Proxy, ukayatsa Use Proxy pulogalamu imapanga timakope topepuka ta ma clip ako toti uziedita nato, koma potulutsa vidiyo yomaliza imabwerera ku ma clip enieni aja nde ubwino wa chithunzi sutsika. Palinso Preview Scaling, ine ndinaika pa 360p, pa screen zimaoneka zosawala kwenikweni koma zimayenda. Kupanga ma proxy kumatenga nthawi, ndinaisiya usiku ikugaya ine ndikugona, m'mawa zonse zili tayale. Patapita masiku ndinakaonjezera RAM kufika 8 GB kwa okonza makompyuta ndipo kusiyana kwake kunaoneka, ngati muli ndi kandalama koti muononge pa nkhaniyi bola mugule RAM kusiyana nkulipira pulogalamu.

Ma clip oimika aja anandivuta mutu chifukwa pa TV amasiya mdima mbali zonse ziwiri, munthu ali pakati ngati akusuzumira pa chitseko. Kuwataya sindikanatha, ndi iye yekha anajambula pomwe alamu analoza mtsikana wolakwika dala pa ofundidwa zitenje aja anthu nkufa nazo kuseka. Mu Filters muli ina yotchedwa Blur: Pad, imadzaza mbalizo ndi chithunzi chomwecho chosaoneka bwino ngati mmene amachitira pa nkhani za pa TV, zinaoneka zaulemu ndithu. Zolemba monga maina a eni mwambo ndi tsiku ndinaika ndi Text: Simple. Apa Shotcut ndi youma, ilibe zilembo zovinavina ngati za pa foni, koma agogo sakufuna zilembo zovina.

Vuto lina lomwe simungaliyembekezere ndi la mawu kusiyana ndi milomo. Mafoni ambiri sajambula ndi liwiro limodzi, kukachita mdima kapena foni ikatentha amachepetsa zithunzi pa sekondi, nde pa clip yaitali umapeza ankhoswe atseka kale pakamwa mawu akubwerabe. Shotcut ikazindikira clip yotero imakufunsa ngati ukufuna iisinthe, amati Convert to Edit-friendly, uzivomera, kungoti fayilo yatsopanoyo imakhala yaikulu nde malo pa diski akhalepo. Ine ndinasintha ma clip aatali okha a malangizo, tating'onoting'ono ndinatisiya.

Ndipo za folder ndinanena zija ndi izi. Ukaseva ntchito yako Shotcut imapanga kafayilo kakang'ono kothera ndi .mlt, mmenemo mulibe vidiyo ayi, muli malangizo chabe oti clip yakuti ili pakuti idulidwe apa. Ukasuntha ma clip kapena kusintha maina awo, potsegula imakuuza kuti mafayilo akusowa uyambe kuwaloza limodzilimodzi. Mapulogalamu ambiri oedita mavidiyo pa kompyuta amatero. Komanso Ctrl ndi S chikhale chizolowezi, magetsi a kuno sachenjeza, ine ndinafika pomaseva ndikangodula kawiri katatu.

Mawu nde ndi pomwe mavidiyo athu ambiri amafera, osati pa chithunzi. Msuweni wanga anaima pafupi ndi sipika ya DJ nthawi ya perekaniperekani, zomwe foni inagwira ndi phokoso lokhalokha long'ambika, palibe pulogalamu ingakonze zimenezo kaya yolipira madola angati. Chomwe ndinachita nkutsitsa mawu a clip imeneyo ndi filter ya Gain / Volume nkutenga mawu a foni yanga yomwe inali chapatali. Pa malangizo a ankhoswe zinali zosiyana, amalankhula motsitsa, ndinachita kukweza. Pa kaphokoso kosalekeza ngati ka jenereta pulogalamu yokonza mawu yotchedwa Audacity imathandizako, nayo ndi yaulere, ili ndi Noise Reduction, koma ukaonjeza anthu amamveka ngati akulankhulira mu ndowa. Ulendo wina ndidzangoika foni imodzi pa tebulo la a MC izingojambula mawu okha.

Pa nyimbo samalani ngati vidiyo ikupita pa Facebook kapena YouTube, makina awo amazindikira nyimbo za eni ake ndipo akhoza kuitseka mawu kapena kuiletsa kumene. Oimba athunso amadyera momwemo, nchifukwa chake kuli COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina. Ya agogo ndinasiya nyimbo zomwe zimamveka pa mwambo pomwepo, koma poyambira pomwe pali maina ndinatenga kanyimbo kopanda mawu ku YouTube Audio Library komwe kuli zololedwa.

Potulutsa vidiyo musachite zambiri, ku Export siyani pa Default, imatulutsa MP4 ya H.264 yomwe ma TV ambiri okhala ndi polowetsa fulashi amawerenga. Mukaona H.265 kapena HEVC musatengeke nazo kuti fayilo ichepa, ma TV akale ndi ma decoder ambiri saitsegula, mukafika kumudzi anthu atakhala kale pa mkeka TV nkulemba kuti file not supported. 4K nayo isiyeni, laputopu ivutika usiku wonse pa chinthu choti TV yake siionetsa. Chinanso ndi fulashi, zambiri zimabwera zili pa kasungidwe ka mafayilo kotchedwa FAT32 ndipo FAT32 siilandira fayilo imodzi yoposa 4 GB ngakhale fulashiyo ikhale ya 32 GB yopanda kanthu. Ungathe kuisintha kukhala exFAT kapena NTFS koma si TV iliyonse imawerenga zimenezo, nde ine ndinangoigawa vidiyo pawiri, mwambo gawo loyamba, perekaniperekani gawo lachiwiri, lililonse pansi pa 4 GB. Gawo lililonse linatenga nthawi yoposa kutalika kwa vidiyoyo kuti lituluke, ndimayamba ndikaona kuti magetsi angobwera kumene, laputopu nditaikweza pa mabuku awiri kuti mpweya uzidutsa pansi.

Ya ku Joni ndinatenga yomweyo nkuipanikiza ndi HandBrake, ina yaulere yomwe ntchito yake nkuchepetsa mavidiyo basi, ndinaitsitsa kufika 480p, pa foni imaoneka bwinobwino ndipo inapita pa WhatsApp ngati document ndi bandulo ya usiku.

Zomwe sindinazikonde pa Shotcut zilipo. Zambiri umachita kuzifufuza wekha, maina a ma filter sakuuza msanga ntchito yake, ndipo ngati mumakonda zonyezimira ndi timitima touluka mukhumudwa. Kwa munthu woti akungofuna status ndi katundu wolemera kwambiri, akhale pa CapCut kapena VN. Koma pa chinthu chachitali, pa laputopu yotopa, popanda intaneti komanso popanda kulipira, sindinapeze ina yoiposa mwa zomwe ndinagwira.

Ku Jali ndinapita Loweruka ndi fulashi ziwiri kuopa ina ingakane. TV ya agogo ndi ya sola nde tinadikira dzuwa lipendeke batire itadzaza, anthu oyandikana nawo anabwera ndi mipando yawo. Inatsegula koyamba komweko. Palibe anafunsa za transition kapena Blur: Pad yomwe ndinavutika nayo usiku uja, agogo amangoti bwezera pamene paja, pomwe azakhali akuvina, tinabwezera kanayi. Kenako anandifunsa kuti bwanji iwowo akuoneka pang'ono chonchi pomwe anakhala kutsogolo tsiku lonse, nde pano ndili mkati mofufuza m'ma clip 70 aja paliponse pomwe pali agogo, akuti ndiwapangire yawoyawo isanafike Khrisimasi.